Mpaka Aphunzitsi Atabwera

Mpeni wa aphunzitsi athu a Chingerezi unali ndi chigwiriro chosweka, chomanga ndi mphira wa njinga. Ankayenda nawo m'thumba la jekete pamodzi ndi choko, ndipo dzinja limenelo, mango atapsa ku Mitundu, mpeniwo unkatuluka pafupifupi tsiku lililonse.

Ine ndinali kubwereza Sitandade 8 kachiwiri. Masamu ndinkakhoza, koma Chingerezi chinkandigwetsa chaka ndi chaka. Malume, amene ankakhala ku Nathenje, anali atanena kale kuti fodya akayamba kuthyoledwa adzanditenga ndikawalerere ana ndi kusoka fodya, poti mtsikana wolephera kawiri ndiye kuti sukulu yamukana. Bambo anali atamwalira, choncho mawu a malume anali omaliza. Amayi akamva nkhaniyi ankangotenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo posesa kale.

Aphunzitsiwo anali ochokera kumpoto. Chichewa chawo chinkatsimphina, ndipo akatembenuka tinkawayeseza mpaka nthiti kuwawa. Lero ndimadziseka ndekha: munthu wa zilankhulo zitatu, akusekedwa ndi ife amene chimodzi chomwecho tinkachilemba mokhotakhota.

Ankabwera ndi mango awiri, limodzi lalikulu lakupsa, linalo laling'ono laliwisi, n'kuwaika patebulo. Wofuna kulawa ankayenera kunena kaye m'Chingerezi kuti ili n'lalikulu kuposa ilo, ili n'lotsekemera kuposa linzake, ilo n'lowawasa moti silingadyeke. Bigger than, sweeter than, too sour to eat. Ukakhoza ankakudulira lakupsa, madzi ake n'kumayenderera mpaka pachigongono. Ukalakwitsa ankakudulira laliwisi, mano n'kuyayamira, kalasi yonse ikufa ndi phwete. Ine ndinadya mango aawisi ambiri chaka chimenecho.

Tsiku la msika ankatitenga ife obwerezafe kukaima pa golosale ya bambo wina wachisilamu, munthu woleza mtima amene ankatilola kugwiragwira katundu osagula. Munkanunkhira palafini, sopo ndi usipa wouma. Tinkayerekeza nsalu ndi nsalu, ndowa ndi ndowa: iyi njosavuta kuchapa, iyo njotchipa kugula, easier to wash, cheaper to buy. Tsiku lina ndinayesa kunyamula thumba la mchere, ndipo mawu anangotuluka okha ndisanawaganize, kuti too heavy to carry. Aphunzitsi anamenya chishalo cha njinga yawo ndi chikhatho, n'kuuza mwini golosale kuti mwana uyu chaka chino wapita kusekondale. Ulendo wonse wobwerera kunyumba sindinamve matope kumapazi.

Mvula itafika pachimake, kunamveka kuti aphunzitsi onse a kumpoto abwerere kwawo. Palibe amene anatifotokozera chifukwa. Akuluakulu ankayamba ayang'ana kumbuyo asanaitchule nkhaniyo, poti masiku amenewo funso limodzi linkatha kumusowetsa munthu. Ife tinkayesa kuti ndi tchuthi chabe.

Sabata yomweyo malume anafika panjinga kudzanditenga, fodya atapsa m'munda. Ndinakatsanzika kusukulu ndikulira, ndipo madzulo ake ndinaona aphunzitsi akubwera kwathu wapansi, kamvula kakuwaza. Malume anali munthu wachipani, wogulitsa makadi a chipanicho pamsika wa ku Nathenje, ndipo kuoneka akucheza ndi munthu amene boma lamuthamangitsa kukanawaika m'madzi otentha. Sanawapatse mpando. Aphunzitsi anaima pabwalo, chipewa chili m'manja, n'kulankhula ndi Chichewa chawo chotsimphina chija.

"Bambo, mwana uyu musamutenge. Chaka chino akhoza. Ine ndikupita, palibe chimene ndipindulepo. Ndikungopempha ngati kholo linzanu."

Malume anayankha maso ali kumsewu, kuti nkhani za pabanja saweruza ndi alendo. Aphunzitsi anawerama pang'ono, anatsanzika amayi, ine n'kundigwira paphewa, n'kumapita. M'mawa mwake lole inawatenga aphunzitsiwo, matilesi ndi njinga zili pamwamba, nkhuku zikulira m'dengu.

Amayi anali atandimangira kale zovala m'chitenje. Ine ndinakhala pansi pakhonde n'kunena kuti sindipita kulikonse mpaka aphunzitsi atabwera, poti anali asanamalize kutiphunzitsa. Mwana wamkazi kuyankha malume chotero, ndinkadziwa kuti ndaputa mkwapulo. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapopa njinga yawo ngakhale matayala anali olimba kale. Atamaliza analankhula mokweza, mwaukali, moti ndi apanyumba zoyandikana omwe anamva.

"Chabwino, poti makani ndi ako. Ukhala pasukulupo mpaka aphunzitsi akowo atabwera. Tsiku limene adzatsike lole, iwe ulongedze, ndidzakutenga tsiku lomwelo."

Anakwera njinga n'kubwerera okha ku Nathenje. Fodya chaka chimenecho anasoka ndi aganyu.

Mayeso ndinalemba, ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale. Aphunzitsi sindinawaonenso. Sindidziwa mudzi wawo, sindidziwa ngati ali moyo, ndipo sanamve n'komwe kuti zimene ananena pagolosale paja zinachitikadi. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndimawasowa aphunzitsi amene aja, ndi kaimidwe kawo m'mvula, ndi Chichewa chawo chomwe.

Koma miyezi yotsala ya dzinja limenelo ndinavutika ndekha. Ndikangomva lole ikubuula pamsewu wochokera ku Lilongwe, ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira kumsewu, mtima uli pawiri. Ndinkafunitsitsa kuwaona aphunzitsi akutsika, ndiwauze mawu atsopano amene ndaphunzira ndekha, komanso ndinkapemphera kuti asatsike, poti kutsika kwawo kunali kutha kwa sukulu yanga. Lole ikadutsa ndinkabwerera ndikulira, osadziwa ngati ndikulira chisoni kapena mpumulo. Amayi ndinkawapeza akupitiriza ntchito yawo mosatekeseka, chitenje chija atachimasula kalekale, zovala zanga atazibwezera pachingwe. Ndinkawakwiyira, kuyesa kuti alibe nazo ntchito. Sizinkandilowa m'mutu kuti malume, munthu wodziwa za chipani, analamula tsiku lija akudziwa bwino kuti palibe lole imene idzawabweretse aphunzitsiwo.