Magiya a galimoto yanga asasinthidwe

Moni nonse, tili bwino.

Dalitso mwana wanga, makaniki uja unapangana naye kuti aike magiya a otomatiki m'galimoto yanga umuuze asabwere. Nkhaniyo yatha lero.

M'mawa ndinanyamula amayi anu kupita nawo kuchipatala ku Sharpevale pa kagalimoto kanga ka zitseko ziwiri kaja ndinabwera nako kuchokera ku Joni. Tikutsetsereka phiri ndinaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi. Kumunsi kunkabwera ngolo ya ng'ombe yodzaza mbatata, msewu wake wopapatiza.

Bondo lakumanzere lija mumati linatha ntchito ndi limene latipulumutsa. Ndinaponda kilatchi n'kumatsitsa magiya imodziimodzi, injini ikulira ngati ing'ambika. Giya yoyamba italowa ndinakoka handibuleki pang'onopang'ono. Tinaima pafupi kwambiri moti ng'ombe ina inayamba kununkhiza nyali ya galimoto.

Amayi anu sanakuwe. Anangokonza mpango wawo n'kufunsa kuti, "Bambo a Dalitso, mwaiimitsa ndinu kapena yangotopa yokha?" Mayi amenewa ndawadetsa nkhawa zaka zambiri, koma lero ndabwera nawo kunyumba opanda bala.

Mabuleki ndikonzetsa, pamenepo sindikutsutsa. Amayi anu akuti mpaka mabulekiwo akonzedwe azikwera minibasi.

Tsono inu mumandikakamiza otomatiki, tandiuzani. Buleki itakana paphiri paja, phazi langa likanaponda chiyani?