Dzanja la Nelesi Pakhosi Panga

Linali Lachiwiri loyamba la Juni, faifi koloko m'mawa, pamene ndinakwera minibasi pa Thuchila, ulendo wa ku Joni. Mwana wathu Nelesi anali ndi zaka zinayi. Malungo aakulu anali atamutseka makutu, ndipo mawu ochepa amene ankadziwa ankatha limodzilimodzi. Kuchipatala anatiuza za timakina toika m'khutu. Kuthyola tiyi sikukanagula zimenezo.

"Chaka chimodzi basi," ndinawauza amake.

"Mwana sadikira chaka, bambo a Nelesi," anandiyankha.

Ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mayi wina amene ankaphunzitsa kulankhula ana a vuto la kumva. Atamva za Nelesi, ankandiitana ndikaweruka. Anandionetsa kuti liwu lililonse lili ndi kwawo. P, b ndi m zimabadwira pamilomo. T, d ndi n zimafuna lilime kuseri kwa mano. K ndi g zimachokera kumbuyo, cha kukhosi. Zina mpweya wake umatulukira m'mphuno. Ukaika kapepala patsogolo pa milomo, "pha" amakagwedeza, "pa" ayi. Ukagwira pakhosi, z amanjenjemera, s ali zii. Mwana ngati Nelesi akhoza kuziona ndi kuzigwira zimenezi. Zonse ndinalemba m'kope.

"Koma mufulumire," anatero mayiwo. "Lilime limauma."

Sindinafulumire. Ndalama ndinkatumiza, malata anakwera padenga. Pafoni ndinkalankhula ndi amake okha. Nelesi akanandimva bwanji? Lamulungu ndinkakhala ndekha m'kachipinda, kuyeserera ndi kapepala. Chaka chija chinasanduka zaka zisanu ndi zinayi.

Nditabwerera ndinapeza mtsikana wamkulu. Timakina timene ndinabwera nato anativala mpaka masana okha, n'kutibwezera m'bokosi. Amake anati tinkangomusokosa. Ndinatenga dzanja la Nelesi, ndinaliika pakhosi panga, n'kunena pang'onopang'ono kuti "bambo". Anadikira mwaulemu, kenako anachotsa dzanjalo. Anatembenukira kwa amake, manja awo n'kuyamba kuthamanga, onse awiri akuseka. Anali atapanga chilankhulo chawochawo. Mvula inali ndi chizindikiro chake, mbuzi chake, ngakhale abusa a kutchalitchi kwathu.

"Nanga ine amanditchula bwanji?" ndinafunsa.

Amake anazengereza. Kenako anaika dzanja pakhutu ngati foni.

"Ndi mmene anakudziwirani. Ankangondiona ndikulankhula nanu."

M'mawa mwake kope lija ndinalisiya m'chikwama. Ndinamutsatira Nelesi kumunda wa nandolo, ndinaloza khasu, n'kutambasula manja anga kuti andiphunzitse.