Mtengo wa Lachisanu pa Benchi la Mayi Ermelinda

Mayi Ermelinda Vidinha anayamba kupala nsomba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, pa benchi la amayi awo mumsika wa tauni ina ya asodzi ku Portugal. Pofika zaka makumi asanu ndi limodzi, manja awo anali atakhakhala ndi mchere, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kwa ogulitsa maluwa. Amuna awo, bambo Anacleto, ankati mayiwa akanong'ona, mbalame za padoko zimabalalika.

Pamwamba pa benchilo panali kathabwa kolembedwa kuti: "Lachisanu, amayi okalamba alipira theka." Mwambowu anauyambitsa ndi amayi awo, chaka chimene bwato lina linamira ndi amuna khumi ndi mmodzi, msika n'kudzaza akazi ovala zakuda. Mayi Ermelinda ankaunyadira mwambowo kuposa ndolo zawo zagolide.

Lachisanu lina pamzerepo panaima bambo Baltazar Moita, mphunzitsi wopuma pantchito. Akazi awo anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo dengu analigwira ngati likuwaotcha.

"Mayuro anayi, aphunzitsi," anatero mayi Ermelinda akukulunga nsombazo.

"Anayi? Si awiri alipira mayi achoka apawa?"

"Kodi kuwerenga munakusiya kusukulu konko? Thabwali likuti amayi. Kavaleni siketi mubwerenso!"

Amayi a pamzere anafa nalo phwete. Bambo Baltazar sanaseke.

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ndimadya ndekha ngati iwowa. Limeneli ndi tsankho. Ndipatseni buku la madandaulo."

Chiyambire kugulitsa, palibe amene anawaitanitsapo bukulo. Mayi Ermelinda analifukula pansi pa mabokosi, lili fungo la nsomba lokhalokha, aphunzitsi n'kulembamo tsamba lathunthu.

Patatha milungu itatu kunabwera mtsikana wa ku ofesi yoona za malonda. Anafotokoza mwaulemu kuti kutsitsira mtengo okalamba si vuto, koma kuusiyanitsa chifukwa uyu ndi mkazi uyo ndi mwamuna kukhoza kuwabweretsera chindapusa.

"Mwanawe," anatero mayi Ermelinda manja ali m'chiuno, "pamene amayi anga ankadyetsa amasiye a tauni ino, ofesi yakoyo inali kuti?"

Kunyumba bambo Anacleto anati nkhani yake ndi yachidule. "Zula thabwalo, aliyense azilipira zonse, tipume."

"Ndizule? Ndiye kumanda ndikawauze chiyani amayi?"

Kwa masiku angapo anagulitsa nkhope ili ndwii. Mawu akuti tsankho ankawabaya mumtima, iwo amene chibadwire sanabwezepo wanjala. Amene anawamasula anali mayi Deolinda, mmodzi mwa amasiye a bwato lija, amene tsopano ankayenda ndi ndodo.

"Iwe Ermelinda, ine ndimadutsa pa nyumba ya mphunzitsi wakoyo. Tsiku lililonse pamanunkha zopserera. Munthu uja akukhalira buledi ndi nsomba zam'chitini."

"Ndiye ndine ndinamuphera mkazi?"

"Khala chete, pakamwa ngati mbendera! Amayi ako sankayang'ana siketi, ankayang'ana wotsala. Nthawi imeneyo nyanja inkatenga amuna okhaokha. Lero matenda sasankha."

 Mawa lake mayi Ermelinda anatsitsa thabwa lija, n'kulitembenuza, n'kulemba okha kumbuyo kwake: "Lachisanu, okalamba onse alipira theka." Mawu a amayi awo anawasiya momwemo, atayang'ana kukhoma.

Lachisanu loyamba kunabwera amuna atatu, akuyenda mwamanyazi ngati akudzapempha. Mwezi usanathe anafika khumi ndi asanu ndi awiri: osoka maukonde, wometa wakale, wina amene ankayendetsa basi. Mayi Ermelinda anadabwa kuti tauni imene anabadwiramo inkabisa amuna ochuluka chotere odya okha. Ambiri sankadziwa n'komwe kusiyanitsa nsomba ya lero ndi ya dzana.

"Yang'anani diso, agogo, diso! Likachita chifunga, isiyeni. Zaka zonsezi munkayesa nsomba imabadwira m'mbale?"

Phindu la Lachisanu linachepa, bambo Anacleto ankang'ung'udza, koma mayiwa ankayenda mumsika khosi lili neng'a. Ogulitsa ndiwo zamasamba awiri anatengera chitsanzo. Kupepesa kokha mayi Ermelinda sanapepese, ndipo mpaka lero wina akaiputa nkhaniyi amanenetsa kuti lija silinali tsankho, chinali chifundo chimene chinangochepa msinkhu.

Bambo Baltazar anabwerera patapita miyezi iwiri. Analipira theka n'kumapita. Sabata yotsatira anabwera ndi kapoto ka msuzi wa nsomba ndi mbatata, wophika okha, kuti mayiwa alawe. Mayi Ermelinda analawa msika wonse ukuonerera.

"Mchere mwathira wa nyanja yonse, aphunzitsi."

Koma mayiwa anamaliza kapoto konse, n'kuwauza kuti ulendo wina aziyamba ndi anyezi.