Tayala la mvula likali pa msomali

Mvula yoyamba yagwa lelo, a Tembo, amuna anga. Nditapita kuseli kukaanula zovala, ndapeza tayala lanu lija la njinga yamoto litadzala madzi pa msomali pomwe munalikoleka. Likali ndi tiubweya take ta kusitolo.

Tsiku lija ku Petauke munandiimika padzuwa mpaka mutu kuwawa, mukutembenuza matayala limodzilimodzi. Ine ndinali kudandaula kuti lakale likali kuyenda. Munagwila chala changa n'kuchiyendetsa m'mizele ya latsopanoli. "Amake Tisa, umu ndimo mothawila madzi. Losalala lija pouma lilibe mlandu, koma pamatope a ku Luembe lingatigwetse. Inu sindingakunyamuleni pa limenelo." Munati mudzalimanga kunjinga mitambo ikayamba kuda, kuti miyala ya m'chilimwe isalidye mano pachabe. Mitambo inada tili kumanda, titakuikani. Matenda sanayembekeze dzinja.

Njinga anatenga mng'ono wanu, koma tayala ndinakana nalo. Amakanika alifunsapo kangapo, ine ndimangoti lili ndi mwini wake. Masana ano mvula ili pakati, ndamva njinga ikutsika kumsewu, n'kuchepetsa moto pokhota paja monga munali kuchitila inu. Ndinaimilila, ndinafika mpaka pakhomo. Inapitilila.

Madzi aja ndakhuthula chifukwa cha udzudzu, ndalipukuta, ndalibwezela pamalo pake. Mitambo yada, a Tembo. Simunamange tayala.