Tsiku Limene Ndinayamba Ine Kukazinga

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu pamene adokotala anatiuza kuti chimene chikumudwalitsa ndi tirigu. Tinali titavutika naye zaka ziwiri: kutsegula m'mimba kosatha, mimba yotupa, timiyendo ngati bango. Kuno ku Chowa mwana akamaonda aliyense amanena za fumbi la kumgodi wakale, ndipo nafenso tinkaganiza choncho. Koma atamupima kangapo anati thupi lake limakana tirigu. Buledi, mabanzi, masikono, zitumbuwa za fulawa za pamsika, zonse aleke. Anatsindikanso kuti ngakhale kafumbi chabe ka fulawa n'kokwanira kumugwetsa.

Za ndiwo sizinandivute. Nkhwani wotendera, kapenta, nyemba, zonsezo mulibe tirigu. Ndinangosiya supu ya m'paketi, ndipo msuzi ndinayamba kuulimbitsa ndi supuni imodzi ya ufa wa chinangwa wosungunula m'madzi ozizira. Bambo ake anadya mwezi wathunthu osazindikira kuti chasintha n'chiyani.

Vuto linali pa zotsekemera. Ku mphakati wathu wa tchalitchi kukakhala chikondwerero, ana onse amawaikira zitumbuwa m'beseni limodzi, n'kumadya mothinana. Wanga ankakhala payekha pakhonde ndi kambale ka mbatata yophika. Tsiku lina tikubwerera anandiuza kuti sadzapitanso.

"Amama, anzanga akuti ndimadyera pandekha chifukwa matenda anga ngopatsirana."

Mawa lake ndinagula ufa wa chinangwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, zija ogulitsa amafuna kutaya.

Zitumbuwa zoyamba zinatuluka ngati miyala yogendera nkhuku. Zachiwiri zinamwazika m'mafuta n'kusanduka phala. Ndinachepetsa ufa wa chimanga, ndinawonjezera dzira, sizinatheke. Njira ndinaipeza mwangozi, nditathira madzi owira pa ufa wa chinangwa chifukwa ozizira anali atatha m'ndowa. Ufawo unagwirana n'kumanyududuka ngati ulimbo. Utazizira ndinasakaniza nthochi zitatu zophwanya, dzira, ufa woyera pang'ono, shuga ndi kasoda. Zinafufuma, pamwamba pofiira, m'kati mofewa.

Koma tsiku lomwelo ndinalakwitsa. Mafuta anga anali atachepa, ndiye mnzanga woyandikana naye, amene amagulitsa zitumbuwa za fulawa pamsewu, anati ndingokazingira m'chiwaya chake mafuta akali otentha. Kuno timachita choncho masiku onse, makala ndi mafuta sataya. Mwana anadya zinayi akuseka. Anagona masiku atatu akudwala. Apo m'pamene ndinadziwa kuti tirigu amatsalira m'mafuta. Ndinagula chiwaya chakechake, sefa yakeyake, ndipo mthiko wake ndinaumanga kansalu kofiira kuti usasokonekere.

Patapita miyezi inafika nthawi ya ubatizo wa makanda a mumphakati wathu. Mwambo wathu ndi wakuti Loweruka m'mawa amayi tonse timakumana kwa mayi wamkulu wa mphakati, nkhalamba yamasiye imene amuna ake ankagwira ntchito ya njanji. Aliyense amabwera ndi mtanda wake wokandakanda, mafuta timasonkha, ndipo timakazingira m'chiwaya chimodzi chachikulu. Amayamba ndi akuluakulu mafuta ali oyera. Ife atsikana timatunga madzi, kukupiza mbaula, n'kudzakazinga pomaliza mafuta atada. Palibe anakhazikitsa lamulolo ndi pakamwa, koma palibenso amene analiphwanyapo.

Ndinafika ndi ndowa yodzaza mtanda, wokwanira ana onse osati wanga yekha. Chiwaya chachikulucho ndinachikwecha ndi mchenga kawiri. Mafuta atathiridwa, apongozi anga anayamba kukoka beseni lawo la fulawa kuti ayambe. Ndinagwada pamaso pa mayi wamkuluyo n'kupempha kuti lero ndiyambe ine.

Wina anaseka n'kufunsa ngati ndasamukira kumayadi ku Highridge kuti ndizifuna mafuta atsopano ngati dona. Apongozi anachita manyazi chifukwa cha ine.

"Mpongozi, dzuka apo. Ine ndalera ana asanu ndi awiri ndi buledi, palibe anafa. Mafuta ndi mafuta basi."

Ndinakhalabe chogwada. Ndinafotokoza za masiku atatu aja, kuti zanga zikalowa pambuyo pa za fulawa ndiye kuti mdzukulu wa apongoziwo akhalanso pakhonde, ndipo ulendo uno mwina sabwera n'komwe. Ndinati zanga sizidetsa mafuta, ndipo madzi onse a tsikulo nditunga ndekha.

Mayi wamkulu anavundukula ndowa yanga, anatosa mtandawo ndi chala, n'kununkhiza.

"Chinangwa ichi? Iwe mwanawe, ife tinathawa chinangwa kumudzi, iwe ukutibweretsera m'tauni? Kazinga tione. Zikakhala miyala ukadyera kwanu ndi amuna ako."

Ndinagwetsa zoyamba m'mafuta. Zinamira, ndipo ndinamva wina akutsokomola mwachipongwe. Kenako zinayandama chimodzichimodzi, zikudzitembenuza zokha, fungo la nthochi linadzaza bwalo. Mayi wamkulu anatola chimodzi chikali chotentha, anachinyema, anatafuna nthawi yaitali. Anatolanso china. Apongozi anati angolawa kuti aone ngati mchere wakwana, ndipo analawa katatu. Uja anandiseka za Highridge anayamba kundifunsa kuti madzi owira ndimathira ochuluka bwanji.

Nditamaliza, mayi wamkulu analamula kuti zanga zivundikiridwe ndi nsalu yoyera ziikidwe m'chipinda, kutali ndi fulawa, ndipo wokhudza mtanda wa tirigu asaziyandikire asanasambe m'manja. Anati mawa beseni la ana likhala la zimenezi zokha, za fulawa adye akuluakulu.

Lamulungu titaweruka ku Misa, beseni linaikidwa pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ana anathamangira. Wanga anaima patali akundiyang'ana, manja kumbuyo. Ndinamugwedezera mutu. Anapita pang'onopang'ono, anadzipanikiza pakati pa anzake awiri, n'kupisa dzanja m'beseni momwe munali manja ena khumi. Posakhalitsa ndinamumva akukangana ndi mnzake kuti watenga chachikulu, masaya ali tuu, mafuta mpaka m'zigongono. Apongozi, amene anali pafupi nane, anamukalipira kuti adye mwaulemu ngati mtsikana, koma mawu awo sanamveke bwino chifukwa nawonso anali ndi china m'kamwa, chobedwa m'beseni la ana.

Ndinadikira kuti ndione ngati mimba imuvuta. Madzulo anasewera mpaka kuitanidwa. Lolemba anadzuka yekha, anavala yunifolomu, n'kundifunsa kuti ubatizo wina udzakhala liti.