Uvuni wa Rutilio, Manambala a Amparo

Rutilio Barragán anafika ku Guadalajara ali mnyamata, atatopa ndi kukama ng'ombe za amalume ake ku Tepatitlán. Anayamba ndi kuwotcherera timawaya pamanja m'fakitale yopanga mabolodi a zamagetsi, ndipo zala zake zili ndi zipsera mpaka lero. Kenako anamupatsa uvuni, chimakina chachitali chimene mabolodi opakidwa phala la mtovu amadutsamo pa lamba, m'zipinda khumi zotentha mosiyana, mpaka mtovuwo usungunuke n'kugwira tizipangizo. Kwa zaka makumi awiri, wotchera kutentha kwa chipinda chilichonse ndi liwiro la lamba anali iye. Ankangoyang'ana mmene mtovu wawalira n'kunena kuti, "Chachisanu chazizira," ndipo chinkakhaladi chitazizira. Ntchito ankaidziwa, koma ankadziwanso kuti amaidziwa, ndipo matenda amenewo alibe mankhwala.

Chaka chatha kunabwera bolodi latsopano, lodzaza tizipangizo tating'ono ngati mchenga, pakati pali chimodzi chachikulu ngati bokosi la machesi. Manambala a kutentha ndi liwiro amene Rutilio ankatchera anakanika. Akawonjezera moto, tating'onoto tinkadzuka n'kuima ndi mwendo umodzi, zimene anthu a m'fakitale amazitcha ziliza. Akachepetsa, mtovu wa pansi pa chachikulucho sunkasungunuka.

Ndiye akuluakulu a fakitale analemba ntchito Amparo Lizárraga, mayi wochokera ku fakitale ina ya ku Tijuana. Iye sankakhulupirira maso. Anaboola bolodi limodzi kunsi, n'kulowetsa kawaya koyezera kutentha pansi penipeni pa chachikulu chija, ndipo ankalemba zonse m'kope lobiriwira. Anthu anayamba kumuunjirira.

"Madala, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero Nicanor, kapitawo wawo, akuseka.

"Kalumo kakuthwa kamachekanso mwini wake," anayankha Rutilio, koma mumtima munali moto. Nsanje inamugwira, yeniyeni. Kunyumba mkazi wake Eulalia anamuyang'ana akungotembenuza nyemba m'mbale.

"Bambo inu, Amparo uyu mwamutchula kasanu chilowereni. Kodi ndikonze chipinda?"

"Akufuna uvuni wanga."

"Wanu? Munagula liti?"

Lachitatu Nicanor analamula: Lachisanu aliyense adzawotcha mabolodi makumi asanu ndi manambala ake. Wopambana adzatenga uvuni, winayo adzapita ku tebulo lokonzera mabolodi olakwika, kuwotcherera pamanja. Rutilio anaganiza za tebulo limenelo, kumene anachokako tsitsi lisanachite imvi, ndipo anachita mantha.

Lachinayi masana, onse atapita kukadya, anaona kope lobiriwira lija pampando. Analitsegula n'kuseka yekha. Lamba woyenda pang'onopang'ono chonchi? Zipinda zitatu zotsatizana zotentha mofanana? Zachibwana. Anaganiza zowotcha mabolodi makumi awiri ndi manambala amenewa, kuti Nicanor adzaone yekha manda a ziliza mayeso asanafike. Analowetsa manambalawo m'makina ndi zala zake, n'kukhala kumapeto kwa lamba, manja m'chiuno.

Nicanor anabwerera msanga, akupukuta tsabola pakamwa. Anatola bolodi loyamba n'kuliika pa galasi lokuza zinthu, kenako lachiwiri, kenako anatenga asanu kupita nawo ku makina ounika mkati. Atabwerako anagwira Rutilio paphewa.

"Chiliza palibe ngakhale chimodzi, ndipo pansi pagwira bwinobwino. Madala, mumabisa chiyani masiku onsewa? Mayeso a mawa ndi otayitsa nthawi. Uvuni ndi wanu."

Mawu anali pamlomo pa Rutilio. Akanangonena kuti manambalawa si anga, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anthu anali atayamba kulowa, wina akuomba m'manja, wina akuti nkhalamba siitha nzeru, ndipo Rutilio anali ndi ludzu la mawu amenewo kwa mwezi wathunthu. Anangogwedeza mutu.

Amparo analowa womaliza. Anayang'ana manambala pa makina, anayang'ana kope lake limene linali litatembenuzidwa chafufumimba, kenako anayang'ana Rutilio. Anali asanathe miyezi itatu yoyesedwa ntchito, ndipo ankadziwa kuti mawu a mlendo sangagwetse munthu wa zaka makumi awiri. Anatola kope lake mwakachetechete.

Lolemba Amparo anayamba ntchito pa tebulo lokonzera mabolodi. Rutilio anadutsa pamenepo maso ali pansi, koma Amparo anamuitana.

"Bambo Rutilio, pepani. Mvula ikayamba, phala la mtovu limasintha khalidwe, ndiye manambala aja adzafunika kuwakonza."

"Ndikudziwa," ananama.

"Chabwino, bambo."

Uvuni anakhala nawodi, ndipo mabolodi ankatuluka osalala tsiku ndi tsiku. Koma nsanje sinathe, inangokula, chifukwa m'mawa uliwonse ankatchera manambala amene sankamvetsa chifukwa chake amagwira ntchito. Kumayambiriro kwa Juni mitambo inayamba kusonkhana madzulo. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa padenga la fakitale, Rutilio anaima nthawi yaitali patsogolo pa zipinda khumi zija, chala chili m'mwamba, osadziwa choyamba kukhudza.