Mizere Iwiri Paphulusa

Linali Lachisanu, belu la masana litangolira kumishoni, pamene mthuthuthu wa abambo wansembe unagwa pamtsetse wa kumunsi kwa mudzi wathu, kumapiri a Dedza. Ine ndinali kudimba ndi amayi, tikukumba mbatata. Tinamva kulira kwake kuja, thu thu thu, kenako chitsulo chikukhulika pamiyala, kenako zii. Ndinali kamtsikana ka magweru, ndipo nkhondo ya Ajeremani inali isanayambe. Abambowo, amene tonse tinkawatcha a Chindevu, anathyoka mkono. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utamvana kuti anawagwetsa ndi agogo anga aamuna, a Gwaza.

Agogo ndimawakumbukira ndi mphuno poyamba: fodya wawo wosinja amene ankasunga m'kabango, luzi lonyowa limene ankapota pantchafu atakhala pakhonde, ndi utsi wa nkhuni za msuku umene unalowerera m'bulangete lawo lofiira mpaka silinamvenso madzi. Mapewa awo anali okhakhala ngati chikopa cha ng'ombe, chifukwa ananyamula machila zaka zambiri, kutenga azungu kuchokera kunyanja kukwera nawo mapiri. Nkhungu ya m'mawa ikatsika ankati ndiwadinde mapewawo ndi kansalu kotentha, uku akundiseka. "Mkazanga, manja akowa ndi a nyerere. Ndikusiya ine, ndikakwatire kwina."

Ntchito ya machila inawathera pamene mthuthuthu unafika, poti a Chindevu sanafunenso anthu khumi ndi awiri owanyamula. Zimenezi aliyense ankazidziwa. Ankadziwanso kuti tsiku lina pamowa agogo anati, "Chinthucho chilibe maso, chidzawagwetsa." Koma chimene chinawapachika ndi ichi: masiku angapo ngozi isanachitike, amayi ena opita kuchitsime anawapeza atanyonyomala pamsewu pamene mthuthuthu unangodutsa, akuyendetsa chala m'fumbi. Kwathu munthu wogwira dothi la pamene mnzake waponda ndiye kuti akutapa phazi lake kuti akamulodze. Amayiwo anati a Gwaza atapa phazi la njinga.

Agogo analibe powirira. Pamudzipo anali mkamwini, ndipo agogo aakazi amene anawabweretsa anali atamwalira. Mwini mbumba anali a Zuze, mlongo wa malemuwo, munthu wosakonda ndewu koma woopa kwambiri zonena za anthu. Anabwera Lolemba m'mawa, nakana mphasa, nalankhula ataimirira.

"Alamu, anthu akuti musankhe. Mukamwe mwabvi kutchire, kapena mubwerere kwanu Lamulungu lisanafike."

"Kwathu kuti? Kumene ndinabadwa kwamera mitengo."

"Ine ndangotumidwa."

"Mwabvi sindimwa," anatero agogo, "ndipo pano sindichoka. Ndipatseni masiku atatu ndi njingayo."

Amayi analira, akuti agogo angopita kwa wansembe akawapemphe kuti alalikire. Koma a Chindevu anali atalalikira kale kuti palibe za ufiti, ndipo anthu potuluka m'tchalitchi anangoti mzungu sadziwa za kuno. Agogo anatenga mpukutu wa luzi ndi zikhomo zinayi, nandiuza kuti ndinyamule tsache ndi lichero la phulusa. Tinayenda anthu akutisuzumira m'mipata ya nkhokwe, osatipatsa moni.

Mthuthuthu tinaupeza utatsamira khoma la njerwa, ukununkha mafuta. Amene ankausamala anali a Filipo, bambo wa ana atatu, wovala kabudula wa khaki, amene ankayenda ndi sipanala m'thumba ngakhale popita kumaliro. Atationa anaimirira kutsogolo kwa njinga atatambasula manja.

"Musaukhudze, a Gwaza. Mwauchita kale zokwanira."

"A Filipo, inu munaphunzira kwa azungu, ine ndine mbuli. Mbuli ikangoyang'ana, chitsulo chisungunuka?"

A Chindevu anatuluka mkono uli m'nsalu, naseka, nati m'Chinyanja chawo chopindika, "Musiye mdala aone. Njinga yandiluma kale, siingalume kawiri."

Agogo sanayambe ndi kugwira. Anakhala pansi nayamba kufunsa wansembe monga mmene amayi amafunsira mwana wodwala. Imatani? Imakokera kumanzere, anatero abambo, ndipo potsika phiri chiwongolero chimagwedeza mutu ngati mbuzi yokana chingwe. Pokhota? Kumanzere imagwera yokha, kumanja imauma khosi. Kuyambira pamene inafika? Ayi, poyamba inkayenda bwino. Nanga idayamba liti? Abambo anakanda ndevu zawo, nati mwina sabata imene anawoloka Linthipe madzi ali m'mawondo.

Tsiku loyambalo linathera pa katundu. Agogo ankakhulupirira kuti vuto ndi bokosi la ziwiya za Misa limene linkamangidwa kumbuyo, chifukwa pamachila katundu wopendekeka ndiye ankavuta. Anamasula bokosilo, nalimanganso pakati penipeni, nauza a Filipo kuti ayendetse pabwalo. A Filipo anabwerako akumwetulira. "Ikukokabe, a sing'anga." Agogo anangoti, "Ndiye si bokosi. Tachotsa chimodzi." Pobwerera kunyumba ine ndinkalira kuti talephera, iwo nati, "Dzulo akuba anali asanu, lero atsala anayi. Ukulira chiyani?"

Tsiku lachiwiri anafinya matayala ndi chala chachikulu, nauza a Filipo kuti apope mpweya mpaka onse alimbe mofanana. Ikukokabe. Anagogoda masipoko limodzilimodzi ndi kamtengo, khutu lili pafupi, kumvera ngati lina likulira mosiyana ndi anzake. Onse analira bwino. Ananyamulitsa gudumu lakutsogolo, naligwedeza uku ndi uku kuti amve ngati khosi la njinga likuwewera. Linali lolimba. Dzuwa linapendeka a Filipo akuimba mluzu, ndipo kumpanda wa mishoni kunali kutadzaza anthu a m'mudzi, ena atabwera ndi chimanga chokazinga ngati kuli gule. Madzulo amenewo amayi anayamba kumanga zovala za agogo m'kansalu. Agogo anamasula mfundoyo, napachikanso bulangete lawo pachingwe.

Lachitatu m'mawa anandiuza kuti ndisese pabwalo la mishoni, malo aatali ngati nyumba zitatu, ndichotse kamwala kalikonse. Kenako ndinawaza phulusa ndi lichero mpaka pansi panayera. Agogo anakhoma zikhomo, nakoka luzi lowongoka m'mbali mwake. Anaitana a Zuze kuti achoke kumpanda abwere pafupi, pamodzi ndi amayi aja a kuchitsime.

"Munandiona ndikugwira fumbi. Simukunama, ndinagwiradi. Bwerani muone chimene ndinkayang'ana."

Anauza a Filipo kuti achotse bokosi lija, akankhe njinga pang'onopang'ono, gudumu lakutsogolo likutsata luzi. Itadutsa, tonse tinawerama. Paphulusa panali mizere iwiri yoyendera limodzi, pakati pake mpata wa zala zitatu za agogo.

"Njinga iyi itangofika ndinkaitsata ndi mkwiyo," anatero agogo, "poti inandilanda ntchito. Pamsewu wowongoka inkasiya mzere umodzi, ngati njoka. Tsiku lija ndinaona iwiri, ndiye ndinanyonyomala kuyeza ndi chala. Pamachila, wakumbuyo akasiya kuponda m'njira ya wakutsogolo, mtengo umakudya phewa, mzungu amayamba kugwedezeka, ndipo pamtsetse mumagwa nonse. Ndinadziwa kuti china chalakwika, koma ndinkaganiza kuti katundu ndiye akuikankha. Tsopano katundu palibe, mizere ikadali iwiri."

Anaimika njinga chilili, nayendetsa luzi m'mbali mwa magudumu onse awiri, kumanzere ndi kumanja. Ngakhale ine mwana ndinaona kuti gudumu lakumbuyo silinkayang'ana kumene linzake linkayang'ana. Linali litapotoka pang'ono, ngati munthu woyenda akuyang'ana kumunda kwa mnzake.

"A Filipo, tsiku la ku Linthipe, lamba uyu woyendetsa gudumu atanyowa, anatani?"

A Filipo anayang'ana pansi. "Anatamuka. Ankaterereka."

"Inu munatani?"

"Ndinakokera gudumu kumbuyo kuti lamba alimbe."

"Mbali zonse ziwiri?"

"Mbali ya lamba yokha. Mvula inkabwera, abambo ankafulumira."

Kumpanda kunayamba phokoso, ndipo wina anatchula dzina la a Filipo mokweza. Agogo anatembenuka. "Lamulungu munali ndi dzina langa, lero mwapeza lina. Munthuyu analimbitsa lamba mvula ili pamutu kuti wansembe akafike kwa wodwala. Inu mukanakoka mbali zingati?" Atatero anagwira luzi, a Filipo namasula manati ndi sipanala yawo ija, nakhotetsa gudumu pang'onopang'ono mpaka agogo anati basi. Ndinasesanso, ndinawazanso phulusa. Mzere unatuluka umodzi.

Komabe a Zuze sanakhutire. Anati phulusa si msewu, ndipo anthu adzati mfiti yangomasula mankhwala ake pamaso pa mzungu, pamtsetse idzawabwezera. Agogo anafwenkha fodya, nayetsemula, nati, "Ndiye tiyeni kumtsetse. Ngati ndatchera msampha, ndikodwemo ndekha." Munthu amene sanakwerepo ngakhale bulu anakhala pakaliyala, pamalo a bokosi la Misa, nagwira lamba wa kabudula wa a Filipo. A Filipo anacheukira kumbuyo.

"Mukandigwetsa, a Gwaza, ana anga mudzalera ndinu."

"Ndikagwa ine," anatero agogo akundiloza, "mkazanga uyo mudzam'lowe chokolo. Koma ndi waulesi, ndakuchenjezani."

Anatsika mtsetse wonse fumbi lili kumbuyo, ine nditakumbatira tsache, amayi atatseka maso ndi nsalu. Pamwala paja pamene abambo anagwera, a Filipo anadutsa mowongoka, ndipo kumunsi tinawaona akukhota bwinobwino, kumanja, mbali imene njinga inkakana. Atabwerera agogo anatsika, nati machila ndi abwino, chifukwa onyamula amaimbako nyimbo.

Palibe anapepesa. Loweruka masana a Zuze anangofika pakhonde, nakhala pamphasa imene anaikana Lolemba, napempha fodya. Agogo anawapatsa kabango kaja. Anakhala pamudzipo mpaka imfa yawo, ndipo manda awo ali pafupi ndi a agogo aakazi.

Sukulu ine ndinalekeza nditangodziwa kulemba kalata, ndiye sindikanavutika kulemba zonsezi chikhala kuti si za chaka chino. Mwana wanga Yohane, mmodzi yekhayo wamwamuna, ndamuika m'manda nthawi yokolola. Anabwera kuchokera kumigodi akutsokomola, ndipo anatha pang'onopang'ono. Tisanamete n'komwe, abale anabwera kudzandinong'oneza dzina la mpongozi wanga Agnesi, amene ali pano pachitengwa. Akuti anamuona akukumba mizu kudambo, choncho abwerere kwawo, ana asiye.

Ndinawauza kuti andipatse masiku atatu. Ndinafunsa Agnesi za mizuyo, ndipo anandionetsa: ndi ija ya chifuwa imene ine ndemwe ndinamuphunzitsa. Ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala kumene Yohane anagonako, ndinakhala pabenchi mpaka dokotala anandilola kulowa, ndipo ndinamufunsa chimodzichimodzi: chinayamba liti, chinayambira pati, chikanachiritsika kodi. Anandionetsa chithunzi cha m'chifuwa mwa mwana wanga, nati mawanga oyerawo ndi fumbi la miyala ya kumgodi, linalowa kale asanakwatire n'komwe. Ndinabwerera, ndinaitana abale onse pakhonde, ndinawauza zimene ndaona, ndi kuti wofuna dzina la munthu apite kaye akaone chithunzicho.

Agnesi sanachoke. M'mawa uliwonse ndimasesa bwalo langa ndi lake, kenako timanyamula makasu tonse awiri kupita kudimba.